Mzinda wa Tete uli ndi malilime ambiri koma khutu limodzi

Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 156,000 mumzinda wa Tete, kuno ku Mozambique. Pofika 2017 anali atapitirira 300,000. Palibe mzinda umene ungachuluke chonchi pa zaka khumi chifukwa cha kubereka kokha. Anthu anachita kubwera, ndipo chimene chinawakoka tonse tikuchidziwa: malasha a ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndi mbiri imene inawanda yoti kuno ndalama akuchita kutola. Anabwera a ku Maputo ndi ku Gaza ndi Chishangana chawo, a ku Beira ndi Chindau ndi Chisena, a ku Quelimane, a ku Nampula, a ku Zimbabwe olowera pa Cuchamano. Nafenso a kumtunda tinatsika, kuchokera ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga, ku Chifunde ndi ku Chiúta, ena kudzafuna ntchito, ena kudzaphunzira, ambiri kudzagulitsa mbatatesi, nyemba ndi kabichi. Madera a mzindawu a Matundo ndi Chingodzi anafutukuka mpaka kukafika kumene kale kunkadya mbuzi pansi pa milambe.

Anthu anasintha, koma kamvedwe ka mzindawu sikanasinthe. Mumsewu umalankhula Chinyungwe, Chichewa, Chisena, Chishona ndi zina, koma ukangolowa pakhomo la ofesi, la chipatala kapena la khoti, umamva Chipwitikizi chokha. Ine ndikuona kuti malire enieni amene akugawa anthu a ku Tete lero sali pakati pa Mnyungwe ndi Mchewa, ngakhale pakati pa Mkatolika ndi Mziyoni. Ali pakati pa munthu amene angathe kudzifotokozera yekha pamaso pa wogwira ntchito ya boma, ndi munthu amene amayamba wayang'ana uku ndi uku kufuna womulankhulira.

Tiyambe ndi kupereka ulemu kwa oyenera. Chilankhulo cha mzinda uno ndi Chinyungwe, ndipo Mchewa amene amakana zimenezi akungofuna mkangano. Ndi Anyungwe amene anapirira dzuwa la chigwa chino kuyambira kalekale, pamene Apwitikizi anakhazikika pano cha m'ma 1530 atapeza kale msika wa amalonda a golide ndi minyanga. Ndi makolo awo amene anakhala pansi pa eni maprazo, minda ikuluikulu ya nthawi ya Apwitikizi. Ndi abale awo amene anaphedwa ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda uno, pa 16 Disembala 1972. Pamene Tete inkapatsidwa dzina la mzinda pa 21 Malichi 1959, onyamula katundu padoko, ophika m'nyumba za Azungu ndi opalasa ngalawa pa Zambezi ankalankhula Chinyungwe.

Komatu mbiri yomweyo ikusonyezanso kuti chigwa chino sichinakhalepo cha magazi amodzi. Achikunda, asilikali a eni maprazo aja, anali anthu otoledwa m'mitundu yosiyanasiyana: Asena, Atonga a m'chigwa, Ansenga, Amang'anja, Achewa. Anakwatirana, anabereka, anapanga chilankhulo ndi miyambo yawo. Kunalinso amalonda ochokera ku Goa ndi ku India amene maina awo alipobe m'mabanja ena a kuno. Tete wakhala malo okumanirana kuyambira pachiyambi, ndipo malasha anangowonjezera moto pa nkhuni zimene zinkayaka kale.

Tsono ife Achewa tili pati? Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa, chifukwa mumzinda umene ndi likulu la chigawo chathu, munthu akangotsegula pakamwa n'kunena kuti "muli bwanji", ena amamuyesa Mmalawi. Chonsecho m'chigawo chonse cha Tete palibe chilankhulo cha makolo chimene chili ndi anthu ambiri kuposa chathuchi, chimene m'mabuku a boma amachilemba kuti Cinyanja. Likulu lakale la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, linali ku Mano, dera limene lero lili mbali ino ya malire, ndipo n'chifukwa chake chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a kuno amapita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi monga eni mwambo, osati ngati oitanidwa. Angoni a Maseko anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe, nakwatira akazi Achichewa, ndipo zidzukulu zawo lero zimalankhula Chichewa. Malire amene anadula midzi yathu pakati anawagwirizana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891 popanda kufunsa nyakwawa ndi mmodzi yemwe. Chichewa sichinalowe kudzera pa Zóbuè kapena pa Calómuè ayi. Malire ndi amene anachipeza.

Chimene chinalimbitsa dzina la "Mmalawi" lija ndi nkhondo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 anthu opitirira miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo pakati pawo panali anthu ochuluka a ku Angónia ndi Tsangano amene anangowoloka msewu n'kukhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana awo anaphunzira kumeneko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kwawo ali anyamata ndi atsikana odziwa kulemba kalata, kuwerenga Baibulo ndi kuwerengetsa ndalama, koma osadziwa Chipwitikizi. Lero ndi azibambo ndi azimayi a zaka makumi anayi kapena asanu, ndipo ndi omwewo amene amadzaza malole a mbatatesi obwera kuno ku misika ya Kwachena ndi Cambinde. Dziko limene linalephera kuwateteza ali ana likuwakayikira ali akulu chifukwa cha lilime limene nkhondoyo inawasiyira.

Ndinaona ndi maso anga pa chotchinga china cha pamsewu wotsikira kuno. Shapa (minibasi) imene ndinakwera itaima, wa yunifomu anauza aliyense kuti atulutse chiphaso. Bambo wina wachikulire, wovala jekete lokhuthala la kuzizira kwa ku Tsangano, anapereka biyete lake ndi manja awiri. Wa yunifomu uja analitembenuza, n'kumufunsa funso m'Chipwitikizi. Bambo aja anayankha kuti, "Pepani bwana, sindinamve." Basi pomwepo anawatsitsa. Anaima padzuwa, chipewa chili m'manja, kufotokoza dzina la mudzi wawo, la mfumu yawo, la mtsinje umene amamwa, pamene ife tinkadikira m'galimoto thukuta lili kamukamu. Chiphaso chinali chenicheni, chithunzi chinali chawo. Chimene chinkazengedwa mlandu ndi pakamwa pawo. Anawalola kukwera mnyamata wina wa sukulu atatsika kukawalankhulira, ndipo njira yonse mpaka pa mlatho wa Samora Machel bambo aja sanayankhulenso ndi munthu.

Wina anena kuti alendo opanda zikalata alipodi, ndipo n'zoona. Amalawi ambiri amalowa kudzagwira ganyu m'minda ya fodya ndi ya mbatatesi, ena kudzakhazikika. Boma lili ndi ufulu wodziwa amene ali m'dziko. Koma chida choyezera unzika ndi chikalata, si Chipwitikizi. Mukayesa ndi Chipwitikizi mugwira agogo a ku Furancungo amene sanatulukepo m'dziko muno, n'kusiya mlendo wochenjera amene waloweza mawu khumi.

Ku chipatala nkhaniyi imafika poopsa. Aliyense amene anagonekapo wodwala mumzinda uno akudziwa mmene zimakhalira. Mayi atumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, afika atatopa ndi ulendo, dokotala ndi wochokera kummwera kapena kunja, namwino amadziwa Chinyungwe cha moni chabe. Ndiye aitana wokolopa, kapena mlonda, kapena wodikirira wodwala wa pa bedi loyandikana, kuti adzamasulire. Mayi amene akudwala matenda a kumimba ayenera kuulula za m'thupi mwake kwa mwamuna wachilendo wogwira tsache. Ambiri amangoti "m'mimba mukupweteka" n'kusiyira pomwepo, zenizeni osazitchula. Pobwerera apatsidwa mapiritsi ndi malangizo amene adutsa pakamwa pa anthu awiri, ndipo kunyumba akamwa mmene akumbukirira. Sindikunyoza madokotala, ambiri amagwira ntchito modzipereka ndi zipangizo zochepa. Ndikunena kuti ntchito yomasulira ilipo tsiku lililonse, ikugwiridwa ndi anthu osaphunzitsidwa ndiponso osalipidwa, ndipo palibe amene anailemba pa ndondomeko ya ndalama. Vutoli si la Achewa okha. Gogo wa Chinyungwe wa ku Déguè, wobadwira m'mzinda momwemo, amakumana nalo chimodzimodzi, ngakhale Msena wa ku Mutarara.

Chodabwitsa n'chakuti pa pepala zinthu zili bwino. Malamulo aakulu a dziko a 2004, mu ndime 9, amati boma limalemekeza zilankhulo za dziko ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro ndipo lidzalimbikitsa kuti zizigwiritsidwa ntchito. Ndime 10 ndiyo imati Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma. Ndipo chigawo chathu chino ndicho chinatsogola pa nkhani yophunzitsa ana m'chilankhulo cha kwawo: ntchito yoyeserera ya PEBIMO, ya pakati pa 1993 ndi 1997, inachitika m'zigawo ziwiri zokha, ku Gaza m'Chishangana ndi kuno ku Tete m'Chinyanja. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya dziko lonse. Wailesi ya Rádio Moçambique ya kuno imaulutsa m'Chinyungwe, m'Chinyanja ndi m'Chisena. Ndiye kuti boma likudziwa bwino lomwe zilankhulo zimene anthu ake amamva. Likafuna kulengeza za katemera, za kolera kapena za kalembera wa zisankho limazipeza. Zimasowa pokhapokha pamene munthu wamba ndi amene akufuna kulankhula.

Maganizo amene anakhazikika ndi oti zilankhulo za makolo ndi za kumudzi, ndipo mumzinda, poti anthu ndi osakanikirana, pafunika Chipwitikizi kuti pasakhale wokondera. Mfundo imeneyi ili ndi maziko ndipo sindiichepetsa. Pa nthawi ya ufulu mu 1975 atsogoleri ankaopa kuti dziko lingagawike potsata mitundu, ndipo anasankha chilankhulo chimene sichinali cha mtundu uliwonse wa kuno. Lero mwana wa ku Ulongwe amatha kukagwira ntchito ku Pemba, ndipo wa ku Inhambane amadzaphunzitsa ku Zumbo, chifukwa cha Chipwitikizi. Ine sindikufuna kuti chichoke, ndipo ana athu achiphunzire mpaka achidziwe kuposa eni ake. Koma kunena kuti Chipwitikizi sichikondera n'kulakwitsa. Chimakondera amene anabadwira m'nyumba yochilankhula ndi amene makolo ake anali ndi ndalama zomusunga pa sukulu. Migodi itatsegulidwa tinaona amene analowa m'maofesi ozizira ndi amene anatsala pa geti. Mabanja amene anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti malasha akumbidwe anali alimi ndi oumba njerwa olankhula Chinyungwe, ndipo zikalata zonena za tsogolo lawo zinalembedwa m'chilankhulo chimene ambiri a iwo sakanatha kuwerenga. Madandaulo amene timamva oti "ntchito zonse atenga a kummwera" amaoneka ngati tsankho la mitundu, koma muzu wake ndi umenewu. Ukamutsekera munthu khomo ndi chilankhulo, iye amayamba kuda mtundu wa amene ali m'katimo.

Amene anaimvetsa nkhaniyi kalekale ndi a mipingo. Ansembe Achijezuiti a ku Boroma anayamba kulemba Chinyungwe zaka za m'ma 1880, ndipo anzawo a ku Lifidzi ankalalikira m'Chichewa. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia mu 1909, Apwitikizi n'kuwatsekera mu 1922, koma mpingo sunafe, chifukwa anthu anali ndi Mawu ndi nyimbo m'chilankhulo chawo. Chaka chomwecho cha 1922 ndi pamene Buku Lopatulika linasindikizidwa lathunthu, ndipo agogo athu ambiri anaphunzirira kuwerenga pa ilo. Lero mukayenda Lamlungu m'mawa ku Matundo mumva zonse. Ku parishi kuwerenga kwina kuli m'Chipwitikizi, kwina m'Chinyungwe. Ku Igreja Reformada, mpingo wa amishoni a Dutch Reformed uja, kukumveka nyimbo zomwe zija za ku Domwe. M'matchalitchi a Pentekosite mbusa akulalikira, womasulira ali pambali pake kumutsata mawu ndi mawu, thukuta onse awiri. Pansi pa mtengo pali Apositoli a zovala zoyera akuimba m'Chishona, Aziyoni akuzungulira ndi ng'oma, ndipo Lachisanu masana Asilamu, ochepa kuno poyerekeza ndi ku Nampula kapena ku Niassa, akutseka mashopu kupita ku mzikiti, Mmwenye, Myao ndi Mmakua pa mzere umodzi. Mpingo wa anthu makumi asanu, wosonkha makobili m'mbale, umatha kupeza womasulira sabata iliyonse chifukwa umadziwa kuti munthu amene sakumva sabweranso. Kusiyana kwake n'kwakuti ku ofesi ya boma munthu amabwerabe, poti alibe kwina kopita.

Pa za chipembedzo palinso kusamva kwa mtundu wina. Fomu ya kalembera ili ndi malo a Akatolika, a Anglican, Asilamu, Aziyoni, a Evanjeliko ndi Pentekosite, kenaka "zina" ndi "wopanda chipembedzo". Malo a chipembedzo cha makolo palibe. N'chifukwa chake Tete imatuluka pakati pa zigawo zokhala ndi anthu ambiri "opanda chipembedzo". Kodi ndi ndani amenewa? Ambiri ndi aja amene amathira nsembe ya ufa pansi pa mtengo mvula ikachedwa, amene kudambwe ndi kwawo, amene m'chigwa muno amalemekeza mphondolo, mizimu ya mafumu akale imene amati imakhala mwa mikango. Munthu amene maliro a mayi ake sangathe popanda gule sangatchedwe wopanda chipembedzo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Boma limanyadira zimenezi, ndipo alendo akuluakulu akabwera zilombo zimaitanidwa kudzavina pa bwalo. Koma eni gulewo akamawerengedwa amalembedwa kuti alibe kanthu. Ine ndine wa mpingo ndipo pali zina za kudambwe zimene sindigwirizana nazo, makamaka pamene anyamata amasiya sukulu nyengo ya chinamwali. Komabe kusagwirizana ndi munthu si chifukwa chomufafanizira m'kaundula.

Kumene kusakanikirana kwa mzinda uno kumaonekera kwambiri ndi pa ukwati. Mnyamata wa Chinyungwe akakonda mtsikana wa ku Macanga, ankhoswe a mbali ziwiri amakhala pansi ndi malamulo awiri osiyana m'mitu mwawo. Kwa Anyungwe ana ndi a kuchimuna ndipo pamaperekedwa chuma. Kwa Achewa ana ndi a mbumba, mwini wawo ndi atsibweni, ndipo mwamuna ndi mkamwini. Angoni a ku Angónia ali pakati, Chichewa pakamwa koma lobola m'mwambo. Zinthu zikakhala bwino palibe amene amafunsa. Funso limadzuka pa maliro, pamene abale a mwamuna akuti nyumba ya ku Chingodzi ndi yawo ndipo atsibweni afika pa shapa kudzatenga ana. Milandu yotere imathera kwa sekeretariyo wa bairo (mkulu wa dera la mumzinda) kapena ku khoti, kumene mayi wamasiye ayenera kufotokoza za chikamwini m'Chipwitikizi kwa munthu amene kwawo kulibe mwambo wotero.

Ndipo ana a m'mabanja amenewa amakula ndi chilankhulo chiti? Kawirikawiri si cha bambo, si cha mayi. Makolo amasankha Chipwitikizi, mwina pofuna mtendere m'nyumba, mwina poganiza kuti mwana akhoza bwino kusukulu. Sindiwaweruza, chifukwa aona okha zimene zimachitikira munthu wosachidziwa. Koma zotsatira zake tikuziona pa tchuthi, mwana akapita ku Ulongwe n'kukhala pa mkeka ndi agogo ake osatha kuuzana kanthu koposa moni. Chichewa chili ndi mwayi woti chili ndi mabuku, mawailesi ndi oimba ku Malawi ndi ku Zambia, choncho sichingafe msanga. Chimene chili pangozi yeniyeni ndi Chinyungwe, chifukwa likulu lake ndi mzinda uno ndipo chikafooka kuno chilibe kwina kothawira.

Pamenepa ife Achewa tili ndi mangawa. Timakhala zaka ku Matundo osaphunzira Chinyungwe, podalira kuti "amatimva". Amatimvadi, chifukwa zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale, koma n'chifukwa chomwechonso kuti kuchiphunzira sikungatitengere nthawi. Timadandaula akatitcha Amalawi, koma tikakhala patokha timanena anthu a m'chigwa ndi maina onyoza, timaseka kalankhulidwe kawo, timati ndi aulesi poti salima ngati ife, kuiwala kuti kwawo mvula ndi yochepa ndipo mbuzi, nsomba za chikowa ndi masau zimene timazikonda ndi thukuta lawo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati tikukana kuti ife si mame mumzinda uno, tiyenera kuchita monga anthu okhala: kupita ku maliro a mnansi wa Chinyungwe n'kupepesa m'chilankhulo chake, kulowa m'makomiti a bairo, kulembetsa ndi kuvota kuno m'malo mothamangira kumudzi.

Zimene ndikupempha kwa olamulira si zodula. M'zipatala, m'makhoti, ku polisi ndi kumene amalembera ziphaso kukhale anthu olembedwa ntchito yomasulira Chinyungwe, Chichewa ndi Chisena, amayi ndi abambo, ophunzitsidwa kusunga chinsinsi. Achinyamata otha zilankhulo zitatu kapena zinayi ali mbwee m'masukulu a ukachenjede a UniPúnguè, UniZambeze ndi ISPT, ndipo ambiri akamaliza amakayendetsa njinga zamoto za matola. Wogwira ntchito ya boma amene watumizidwa kuno kuchokera kuchigawo china apatsidwe miyezi yophunzira chilankhulo chimodzi cha kuno, monga mmene amachitira ansembe ochokera kunja. Makalasi a zilankhulo ziwiri asakhale a kumidzi kokha. Ku Chingodzi ndi ku Matundo kuli ana okwanira kudzaza kalasi ya Chinyungwe ndi ina ya Chichewa pa sukulu imodzi, ndipo makolo asankhe okha.

Kalembera amachitika zaka khumi zilizonse, ndiye kuti wotsatira akuyembekezeka mu 2027, ndipo nthawi yopempha kuti pa fomu pakhale malo a chipembedzo cha makolo ndi ino, mafomu asanasindikizidwe. Mafumu a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde ali ndi pakamwa pofika kutali, ayambe ndi iwo. Zisankho za makhonsolo a mizinda zikubwera mu 2028. Ofuna mpando adzafika ku Cambinde ndi zimkuzamawu, adzatipatsa moni m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, ena adzabwera ndi womasulira wolipidwa. Akadzamaliza kulankhula, wina mwa ife adzakweze dzanja n'kufunsa m'chilankhulo chomwecho kuti ndi omasulira angati amene khonsolo idzalembe ntchito m'chaka chake choyamba, ndipo adzakhala pa makomo ati.